Kuulula bala la m'maganizo kusamutayitse msilikali ntchito

Pali mafunso awiri amene boma limatha kufunsa munthu mmodzi, ndipo yankho loona limamupindulira pa funso loyamba koma n'kumupweteketsa pa lachiwiri. Loyamba limapita kwa msilikali amene wabwerako kunkhondo: kodi ntchito yakuvulaza pati, kuti ulandire chipukuta misozi? Lachiwiri limapita kwa woyendetsa ndege, ndi wina aliyense amene sangagwire ntchito popanda chiphaso cha dokotala: kodi uli ndi matenda amene angaike miyoyo ya anthu pachiswe? Msilikali woyendetsa ndege, kapena amene wapuma usilikali n'kukalowa ntchito ku kampani ya ndege, amayenera kuyankha onse awiri. Bala likakhala la pamwendo nkhani siivuta, chifukwa dokotala amaliona, amaliyeza, n'kulemba. Likakhala la m'maganizo, mboni yaikulu ndi mwini wakeyo, ndipo iye amayamba wawerengera chimene ataye akatsegula pakamwa. Dziko limene limalanga munthu chifukwa choulula kuti maganizo akumuvuta silichotsa odwala pa ntchito zoopsa, limangowaphunzitsa kubisa. Malawi akadali pachiyambi pokonza malamulo ake a za ndege, a matenda a maganizo ndi a chisamaliro cha asilikali opuma, choncho mwayi ulipo wokonza zinthu msampha umenewu usanagwire anthu ambiri.

Kumene nkhaniyi idaphulika poyera ndi ku America. Mu Ogasiti 2023 nyuzipepala ya Washington Post idaulula kuti bungwe loyang'anira za ndege m'dzikomo, la FAA, linkafufuza oyendetsa ndege pafupifupi 4,800 amene kale adali asilikali. Anthuwa ankalandira ndalama za ulumali ku unduna woona za asilikali opuma, ena chifukwa cha matenda a maganizo, koma pa fomu ya dokotala wa ndege sadatchule matendawo kapena ndalamazo. Zidadziwika pamene ofufuza adatenga kaundula wa undunawo ndi kaundula wa ziphaso n'kuyamba kufananiza maina. Mwa anthuwo, pafupifupi 600 adali ndi ziphaso zoyendetsera ndege zonyamula anthu ambiri, ndipo pafupifupi 60 adalamulidwa kuti ayambe asiya kuuluka pamene nkhani zawo zinkaunikidwa. Kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu umene chilango chake chitha kufika zaka 5 m'ndende. Komabe sitinganene kuti onsewo adali akuba kapena anthu osasamala za miyoyo ya anzawo. Anthu masauzande akalakwa mofanana pa malo amodzimodzi, ndiye kuti dongosolo limene adalowamo lili ndi mbali yake pa cholakwacho.

Dongosololo limayenda motere. Woyendetsa ndege zonyamula anthu amayezedwa m'thupi kamodzi pachaka, ena pa miyezi 6 iliyonse malinga ndi msinkhu, potsatira mfundo za bungwe loona za ndege pa dziko lonse la ICAO zimene Malawi nayenso amayendera. Dokotala amayeza maso ndi makutu, amamvera kugunda kwa mtima, amayeza kuthamanga kwa magazi ndi mkodzo. Zonsezi zili ndi zipangizo zake ndipo n'zovuta kuzinamiza. Za maganizo zokha zimadalira mafunso a papepala: munayamba mwadwalapo matenda a maganizo, mumamwa mankhwala anji, mwaonanapo ndi madokotala ati. Akafika pamenepo munthu amayamba waganiza kaye. Akalemba kuti inde, chiphaso chitha kuimitsidwa, atha kutumizidwa kwa akatswiri oti awalipire ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo atha kukhala miyezi yambiri osauluka, malipiro atadulidwa. Akalemba kuti ayi, mawa lake ali mumlengalenga. Kafukufuku wa mu 2022 wotsogoleredwa ndi dokotala William Hoffman adafunsa oyendetsa ndege oposa 3,700, ndipo 56 mwa 100 alionse adavomera kuti adazembapo chipatala kapena kubisa za umoyo wawo poopa kulandidwa chiphaso. Ngozi yeniyeni yagona pamenepa. Munthu wobisa matenda kwa wopereka chiphaso amawabisanso kwa dokotala amene akadamuchiritsa, chifukwa amadziwa kuti chilichonse cholowa m'faelo tsiku lina chidzawerengedwa.

Matenda amene amatchulidwa kwambiri pa nkhani ya asilikali ndi PTSD, amene madokotala adawavomereza ngati matenda paokha mu 1980, nkhondo ya ku Vietnam itasiya asilikali ambiri akuvutika. Ndi kuvulala kwa maganizo kumene kumadza munthu akaona kapena kukumana ndi zoopsa zopitirira muyeso. Zizindikiro zake anthu akumudzi amazidziwa ngakhale dzinalo sadalimvepo. Bambo amene adabwerako kunkhondo wathanzi, wopanda ndi chipsera chomwe, amalota zoopsa n'kudzuka thukuta lili kamukamu ngakhale m'chisanu cha mu Juni kuno ku mapiri a Dedza. Tayala la thiraki likaphulika pa msewu wa M1 amadzigwetsa pansi asanaganize n'komwe, anzake pamsika n'kumamuseka. Pamaliro kapena m'tchalitchi amasankha malo apafupi ndi khomo, msana utatsamira khoma. Amapsa mtima ndi kaphokoso ka ana, saona tulo pokhapokha atalawako mowa, ndipo mayi a kunyumba amangoti bambo adasintha. Apamudzi ena amati ndi mowa, ena amati ndi chamba, ena amati adamulodza chifukwa cha nyumba yamalata imene adamanga atabwerako. Chofunika kudziwa n'chakuti imeneyi si misala yoyenda nayo m'misewu, ndipo ndi matenda ochizika. Uphungu wa akatswiri ndi mankhwala zimathandiza ambiri, ndipo munthu amatha kutsala ndi zizindikiro zina koma ntchito yake n'kumaigwira mwaluso.

Amalawi akhala akutumizidwa kukaona zoopsa kwa zaka zoposa 100. Agogo athu a King's African Rifles adamenya nawo nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse, ena mpaka ku Abyssinia ndi ku Burma, ndipo chipilala cha ku Zomba ndi dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu ndi zikumbutso zake. Kuyambira mu 1987 asilikali athu adalondera njanji ya ku Nacala mkati mwa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique. Nkhondo imeneyo anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu adaionera pakhomo, chifukwa othawa kwawo ochokera ku Angonia adadzaza midzi ya m'mbali mwa msewu wa M1, umene m'madera ena ndiwo malire a maiko awiriwa. Kuyambira mu 2013 Malawi wakhala akutumiza asilikali kummawa kwa DRC m'gulu la United Nations lopatsidwa mphamvu zolimbana ndi zigawenga, pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 asilikali 6 a Malawi adaphedwa kufupi ndi Beni polimbana ndi zigawenga za ADF, ndipo mmodzi mwa iwo, malemu Chancy Chitete, adapatsidwa mendulo yapamwamba ya Mbaye Diagne mu 2019 chifukwa chopulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala. Mu Januwale 2025 enanso 3 adafa ku DRC komweko polimbana ndi zigawenga za M23 pa ntchito ya SADC. Amene adatisiya timawalira, ndipo Novembala aliyense timavala duwa lofiira powakumbukira. Koma pa msilikali aliyense amene adagwa pali anzake ambiri amene adali pambali pake, amene adanyamula thupi lake, n'kubwerako amoyo. Amenewo sitiwawerenga m'gulu la ovulala.

Wina atha kunena kuti za ku America zili kutali, popeza oyendetsa ndege m'Malawi muno ndi ochepa. N'zoona kuti ndi ochepa: a gulu la nkhondo la mumlengalenga, a Malawi Airlines, ndi a timakampani tonyamula alendo okaona malo. Koma kuchepa kwawoko n'kumene kukukulitsa nkhaniyi, chifukwa kuphunzitsa woyendetsa ndege mmodzi kumadya ndalama zambiri ndi zaka zambiri, ndipo kumutaya chifukwa cha matenda ochizika n'kutaya chuma cha dziko. Kuonjezera apo, msilikali wamba nayenso ali pa vuto lomwelo. Asanapite kukasungitsa mtendere amayezedwa m'thupi, ndipo kwa ambiri ulendo umenewo ndiwo mwayi waukulu wa ndalama pa ntchito yawo yonse. United Nations imabwezera dziko lotumiza asilikali madola oposa 1,400 pamwezi pa msilikali aliyense, ndipo alawansi imene imafika m'thumba mwa msilikaliyo ndiyo imagula poloti, imakhoma malata, imalipira fizi ya ana. Msilikali amene tulo tidamuthawa pa ulendo woyamba amaopa kuti akanena, dzina lake lisowa pa mndandanda wa ulendo wachiwiri. Akapuma, ntchito zimene zimamudikira ndi za ulonda ndi udalaivala wa mathiraki, mabasi kapena maambulansi, ndipo mabwana ambiri akamva zoti munthu adakhalako ku chipatala cha matenda a maganizo amabweza moyo. Choncho nkhani ya ndege ikungotionetsa poyera vuto limene likukhudza aliyense wogwira mfuti kapena chiwongolero. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Mfundo yolemera kwambiri yotsutsa maganizo amenewa ndi ya chitetezo cha okwera, ndipo si yoipeputsa. Pa 24 Malichi 2015 ndege ya Germanwings yochokera ku Barcelona kupita ku Düsseldorf idawombetsedwa dala paphiri ku France ndi wothandizira kuyendetsa, Andreas Lubitz, ndipo anthu onse 150 adafera pomwepo. Iye adali ndi mbiri ya matenda a maganizo. Amene adataya abale pa ngoziyo ali ndi chifukwa chomveka chonenera kuti wodwala maganizo asayandikire mpando woyendetsera ndege. Koma tiyeni tione bwino chimene chidachitika. Lubitz adaonana ndi madokotala ambiri, ena adamulembera makalata omupumitsa ntchito, iye n'kuwabisa kwa mabwana ake, ndipo ofufuza a ku France adatchula mantha otaya chiphaso ndi ndalama ngati zina mwa zimene zikadamuchititsa kubisa. Chidapha anthu ndi matenda aakulu amene oyang'anira sadawadziwe pa nthawi imene adafika poipa. Maiko a ku Ulaya sadayankhe poletsa aliyense wodwalapo maganizo. Lamulo lawo la mu 2018 lidakakamiza makampani a ndege kukhazikitsa njira zoti woyendetsa ndege azitha kupempha thandizo mwachinsinsi, komanso kuti aziunikidwa maganizo asanayambe ntchito. Australia idayamba kale, m'zaka za m'ma 1980, kulola oyendetsa ndege kumwa mankhwala a matenda ovutika maganizo moyang'aniridwa ndi madokotala, ndipo kafukufuku wa mu 2007 pa anthu 481 otere sadapeze kuti amachita ngozi kuposa anzawo. America nayo idalola mitundu inayi ya mankhwalawa mu 2010, ndipo mu 2024 komiti imene FAA idakhazikitsa idapereka mfundo 24 zochepetsera mantha oulula. Umboni wonsewu ukuloza kumodzi: wodwala wodziwika, amene akulandira chithandizo ndi kuyang'aniridwa, saopsa ngati wodwala amene palibe akumudziwa. Alipo matenda ena, monga osokoneza kuzindikira kwa munthu kapena obweretsa maganizo ofuna kudzipha, amene ayenera kumutsitsa munthu m'ndege nthawi yomweyo, ndipo pa amenewo dokotala akhale ndi njira yomveka yodziwitsira oyang'anira. Koma matenda otero sangagwidwe msanga ngati anthu onse akuopa kupita kwa dokotala.

Mfundo yachiwiri yotsutsa ndi ya chinyengo. Ngati bala silioneka, n'chiyani chingaletse munthu kunamizira kuti alandire ndalama? Nanga munthu mmodzi angakhale bwanji wolumala pa pepala ili, wathanzi pa pepala ilo? Chinyengo chimapezeka paliponse pamene pali ndalama, ndipo njira yothana nacho ndi kuunika mosamala: kumene msilikali adatumizidwa, zimene gulu lake lidakumana nazo, umboni wa apabanja pake, ndi kuonedwa ndi katswiri kangapo osati kamodzi kokha. Funso linalo lili ndi yankho limene ambiri saliganizira, lakuti chipukuta misozi ndi chiphaso zimayeza zinthu zosiyana. Chipukuta misozi chimafunsa zimene ntchito idamulanda munthu: tulo, mtendere wapabanja, zaka zimene wavutika. Chiphaso chimafunsa ngati lero lino munthuyo angagwire ntchito yakutiyakuti bwinobwino. Msilikali amene adaduka chala atha kulandira chipukuta misozi n'kumayendetsabe galimoto, ndipo palibe angamutche wakuba. Ku America matenda a maganizo a asilikali opuma amayezedwa m'magawo oyambira pa 0 kulekeza pa 100, kusonyeza kuti pakati pa wathanzi ndi wolephereratu pali anthu ambiri amene avulala koma angathe kugwira ntchito. Chosaloleka n'kuuza ofesi iyi zina, ofesi iyo zina, ndipo wonama dala pa fomu ya chitetezo ayenera kuyankha mlandu. Koma boma lofuna choonadi chimodzi pa mapepala onse awiri liyambe laonetsetsa kuti choonadicho sichigonetsa banja ndi njala.

Yachitatu ndi ya umphawi wathu, ndipo nayo ili ndi zoona zake. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo n'chimodzi, cha ku Zomba, kuphatikizapo chithandizo cha a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo madokotala a ukatswiri umenewu ndi owerengeka. Msilikali wopuma wa ku Bembeke, ku Lobi kapena ku Mayani, amene akulima mbatata ya kachewere kuti aonjezere pa penshoni, sangamakwere basi kupita ku Zomba mwezi ndi mwezi. Komabe zambiri mwa zofunika sizidya ndalama zochuluka. Kufunsa msilikali aliyense za maganizo ake akangobwerako, n'kudzamufunsanso patapita miyezi ingapo popeza zizindikiro nthawi zina zimachedwa kuoneka, kumangofuna nthawi ndi kaundula wosungidwa bwino. Kaundula ameneyu ali ndi phindu lake. United Nations imapereka chipukuta misozi kwa osungitsa mtendere amene afa kapena kulumala pa ntchito yake, ndalama imene mu 2018 idakwezedwa kufika pa madola 77,000 pa imfa, ndipo pempho limadutsira ku boma lotumiza asilikalilo. Popanda zolemba za chipatala pempho lotero silingayende. Mu Disembala 2022 Security Council ya United Nations idavomereza chigamulo nambala 2668, chozindikira kufunika kosamalira maganizo a ogwira ntchito zosungitsa mtendere. Kuphunzitsa anamwino ndi madokotala a m'zipatala za m'maboma, monga cha Dedza, kuti azizindikira matendawa n'kupereka uphungu woyambirira kungathandizenso opulumuka ngozi zapamsewu, kusefukira kwa madzi ndi nkhanza. Tisaiwalenso kuti tikakhala chete mtengo wake umalipiridwabe, ndipo amaulipira ndi amayi ndi ana amene amagona m'nyumba imodzi ndi bambo wovutika.

Ena amati Mmalawi ali ndi abale, mpingo ndi anzake, ndipo msilikali adaphunzitsidwa kulimba mtima. Zonsezi n'zamtengo wapatali, ndipo munthu amene ali ndi anthu omuzungulira amachira msanga kuposa wokhala yekha. Koma chikhalidwe chomwecho ndi chimene chimati mwamuna salira, ndipo usilikali umawirikiza lamuloli. Kulimba mtima kumene kumamupulumutsa munthu m'nkhalango za ku Beni n'komwe kumamutseka pakamwa akafika kwawo. Abusa atha kumupempherera, malume atha kumulangiza, koma sangalembe lipoti la chipatala limene lingamupatse chipukuta misozi, ndiponso sanganene ngati ali woyenera kuuluka. Malamulo athunso akhala akulimbikitsa manyazi amenewa. Kwa zaka zambiri dziko lino lidayendera lamulo la matenda a maganizo la mu 1948, la nthawi ya atsamunda, limene lidatsamira pa kutsekera wodwala, mpaka mu 2025 pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza bilu yatsopano. Mtundu umene wakula ukuona wodwala maganizo ngati munthu womangidwa sungasinthe tsiku limodzi, ndipo n'chifukwa chake mabungwe akuluakulu ngati gulu la nkhondo ayenera kutsogolera.

Zoyenera kuchita zikuoneka. Malamulo a chipukuta misozi cha asilikali atchule mosabisa kuti kuvulala kwa maganizo kochokera ku ntchito ndi kuvulala ngati kwina kulikonse. Bungwe la Malawi Civil Aviation Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017, pamodzi ndi madokotala a gulu la nkhondo, alembe poyera njira imene munthu woulula adzadutse: adzaonedwa ndi ndani, adzapuma nthawi yotalika bwanji, ndipo adzabwerera pantchito akakwaniritsa ziti. Munthu amapirira kupumitsidwa ngati akudziwa tsiku ndi njira yobwererera. Pa nthawi yopumayo apatsidwe ntchito yapansi kuti malipiro asaduke, chifukwa njala ndiyo imanamitsa anthu pa fomu. Wodziulula yekha asalandire chilango chofanana ndi wochita kugwidwa. Zolemba za uphungu zisungidwe mwachinsinsi, ndipo kwa abwana kuzipita yankho lokha lakuti munthuyu angagwire ntchito kapena ayambe wapuma. Bungwe la asilikali opuma la VELOM liphunzitse ena mwa mamembala ake m'boma lililonse kuti azimvetsera anzawo, popeza msilikali amamasuka msanga kwa amene adavalapo yunifolomu. Dziko likamutuma munthu kunkhondo silimufunsa ngati akufuna kuona zimene akaoneko, limangomulamula, iye n'kumvera. Udindo wa zimene wabwera nazo m'mutu ndi wa amene adamutuma, ndipo okwera ndege kapena basi adzayenda motetezeka pokhapokha munthuyo atakhulupirira kuti akanena zoona adzathandizidwa.